Tsiku Limene a Mawa Anatseka Ndege

Dzina lakuti a Mawa sanabadwe nalo ayi. Analitola ali ndi imvi kale, patebulo lalitali la m'chipinda cha kuseri kwa shopu yosindikiza makalendala, pamene anthu akuluakulu asanu ndi awiri, ena a iwo azigogo, ankakumana Loweruka lililonse masana kudzamanga tindege tapulasitiki. Tindegeto si touluka. Timabwera m'bokosi tili tizidutswa mazanamazana, ndiye munthu azidula ndi lumo, azipala, azimata ndi guluu, azipenta, mpaka patuluke kandege kofanana ndendende ndi ndege yeniyeni, kungoti chilichonse n'chochepetsedwa ka 72. Akamaliza amakakhazika pashelefu n'kumakayang'ana. Basi. Kumakomo kwawo anasiya kalekale kufunsa kuti phindu lake n'chiyani.

Ntchito yowadyetsa a Mawa inali yosoka mipando. Masofa otuluka masipuling'i, mipando ya minibasi imene siponji yake inathera m'zala za ana, zonsezo zinkatuluka m'shedi yawo yamalata zitabadwanso. Zaka makumi anayi anagwira ntchitoyo timisomali tili m'kamwa, kahamala m'manja, ndipo ankatha kukangana ndi kasitomala timisomali khumi tili m'tsaya, osameza ngakhale kamodzi. Mlendo wina akalowa m'nyumba mwanu amayamba wayang'ana zithunzi zapakhoma. A Mawa ankayamba apapasa kunsi kwa mpando, kenako n'kupukusa mutu mwachisoni, inu n'kuyamba kupepesa m'nyumba mwanu momwe.

Pa mipando sanali munthu wozengereza. Akati Lachitatu, ndi Lachitatu. Matenda awo anali pa ndege pokha.

Thunthu la kandege limabwera lili mbali ziwiri, ngati chikoko cha mtedza. Umayamba wakonza zam'kati, mipando ndi malo a oyendetsa, kenako n'kuphatikiza mbali ziwirizo ndi guluu. Anthu a patebulopo amati kutseka. Ukatseka watseka, zam'katizo suzionanso, chifukwa timawindo take sitiposa diso la nkhuku ndipo m'katimo mumangokhala mdima. N'chifukwa chake anthu anzeru amangopakamo penti yotuwa n'kutseka tsiku lomwelo, n'kupita kukamwa tiyi.

A Mawa zimenezo sankamva. Kampando kalikonse ankakavala nsalu yeniyeni. Ankaikamo timalamba, timakatani, timabulangete topinda bwinobwino, ngakhale kapepala ka kuchimbudzi kokulungidwa pa kaminga. Anzawo akafunsa kuti, "Nanga titseka liti?" yankho linali limodzi, lofatsa, la munthu wopanda mlandu ndi wina aliyense: "Mawa." Zaka zisanu ndi zinayi ali m'gululo, ndege yotseka analibe ngakhale imodzi. Pamwamba pa wadiropu kunyumba kwawo panali ndege khumi ndi imodzi zili chitsekukire ngati nsomba zong'amba, ndipo akazi awo ankazipukuta fumbi ndi nthenga ya nkhuku akung'ung'udza.

Chiyambi cha zonsezi chinali mwana wawo mmodzi yekhayo, amene pakhomo ankangomutcha Nesi kuyambira ali wamng'ono, chifukwa ankakonda kumanga mphaka mabandeji. Atakula anakhaladi namwino, n'kupeza ntchito kudziko lakutali. Tsiku lonyamuka anavala juzi yachikasu. Makolo ake anamuperekeza kubwalo la ndege, n'kukaima pampanda wawaya, ndipo a Mawa anaona ndegeyo ikuthamanga, kenako mphuno yake n'kudzuka, mchira pansi, n'kulowa m'mitambo. Iwo ndege anali asanaikwerepo, mpaka lero sanaikwerepo. Nesi atangoimba foni kuti wafika, bambo akewo sanafunse za dzikolo.

"Mipando yake inali yansalu kapena yachikopa?"

"Adadi, ndangofika kumene, ndatopa!"

"Iwe, ndikufunsa. Msoko wake unali wa mzere umodzi kapena iwiri? Unakhala pati?"

"Mzere wa 14, pawindo, mbali yakumanzere. Ndigone kaye, adadi."

Mlungu wotsatira anapita kushopu yosindikiza ija kukakulitsa chithunzi cha mwanayo, ndipo ali pakauntala anamva fungo la guluu likuchokera kuseri. Kwa munthu wosoka mipando fungo la guluu ndi fungo la kwawo. Analitsata, n'kupeza akuluakulu atawerama patebulo, malilime panja, akupenta mapiko. Sanachokenso. Kuyambira pamenepo, m'ndege iliyonse imene anamanga, pamzere wa 14 pawindo lakumanzere ankakhazikapo kamunthu kosaposa chikhadabo, kovala juzi yachikasu. Anzawo ankaganiza kuti ndi penti yachikasu imene inawachulukira. Zoona zake n'zakuti a Mawa sankatha kumata guluu pamwamba pa kamunthuko. Nesi nayenso anali asanabwereko chichokere. Chaka chilichonse ankati, "Chaka chamawa ndibwera ndithu," mayi ake n'kuyang'ana amuna awo m'mbali n'kunena kuti magazi sanama.

Zinthu zikanapitirira choncho mpaka kalekale, chikhala kuti a laibulale yaikulu ya m'tauni sanapatse gululo tebulo pachionetsero chawo. A Tcheya, mwini shopuyo, munthu woyenda ndi rula m'thumba la shati, analamula kuti amange ndege imodzi yaikulu yonyamula anthu, yaitali ngati mkono wa munthu wamkulu, aliyense ndi gawo lake. Mawilo anapita kwa a Matayala, amene ntchito yawo inali yomata matayala pamsewu waukulu ndipo pakamwa pawo panalibe mabuleki. Kutseka ming'alu kunapita kwa a Zino, dokotala wa mano, mayi yekhayo pagulupo. Ena anatenga mapiko, ena penti.

"A Mawa," anatero a Tcheya akugogoda tebulo ndi rula, "zam'kati ndi zanu, palibe angakuposeni. Koma Loweruka loyamba la mwezi ukubwerawu ndege iyi itsekedwe. Paja Zengerezu adalinda kwawukwawu."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, a Tcheya."

"Nkhonoyo tidzaiona chionetsero chikatha. Mukalephera, mpando mwakhalirawo ndiupereka kwa alamu anga. Chaka chonse akhala akundipempha malo."

"Mpando uno? Mpando uno ndinasoka ndine!"

"N'chifukwa chake alamuwo akuufuna," anatero a Matayala, onse n'kufa nako kuseka.

A Mawa anaseka nawo, koma mantha anali atawagwira. Tebulo linali la anthu asanu ndi awiri basi, ndipo a Tcheya mawu awo sankabweza. Loweruka lopanda tebulo lija a Mawa sankadziwa kuti angalitani.

Milungu inayi anagwira ntchito imene sanagwirepo. Akaweruka kushedi ankakhala pakhonde dzuwa lisanalowe, magalasi awiri ataphatikiza pamphuno. Nsalu ya mipando anadula m'kati mwa jekete lawo laukwati, poganiza kuti m'kati mwa jekete saonamo munthu. Kopanira nsidze ka akazi awo kanasowa, kopalira zikhadabo kanatsatira. Mayi a Nesi ankangoima pakhomo manja m'chiuno.

"Bambo a Nesi, tsiku lina mudzandidula tsitsi ndili mtulo kuti mukapangire bulashi."

"Lanu ndi lolimba kwambiri," anayankha amuna awo osadzutsa mutu. Tsiku limenelo tiyi anadziphikira okha.

Loweruka lotseka linafika. Timipando zana limodzi ndi makumi awiri tinali titandandalika, timalamba tonse topingasa, kamunthu kachikasu kali pamalo pake. Anzawo anazungulira tebulo.

Tsono patebulopo panali lamulo limodzi limene silinkadumphidwa. Tindege timeneti timalemera kumchira, ndiye usanatseke umayenera kuika cholemera m'mphuno, apo ayi ukadzakaimika pamawilo kamakhalira mchira, mphuno m'mwamba. Cholemeracho ankabweretsa a Matayala, kachidutswa ka mtovu kamene amamata pa limu ya galimoto kuti tayala lisamanjenjemere. Woika anali wotsekayo, iye yekha. Akaika, gulu lonse linkafunsa pamodzi ngati ana a sukulu, "Mtovu walowa?" iye n'kuyankha, kenako guluu.

A Mawa analandira mtovuwo, n'kuwerama, manja awo akuluakulu ataphimba mphuno ya ndege. Pomwepo ganizo loipa linawalowa. Mtovu ukapanda kulowa, Loweruka lotsatira a Matayala akadzaika mawilo ndege idzakhalira mchira, ndiye adzaitsegulanso ndi lumo penti isanapakidwe, palibe chowonongeka. Iwo adzakhala atatseka monga mwa lamulo, mpando wawo uli wawo, ndipo adzaonanso zam'kati. Kachidutswako kanatsetsereka m'dzanja n'kulowa m'thumba la buluku.

"Mtovu walowa?"

"Walowa," anatero a Mawa. Linali bodza lawo loyamba patebulo limenelo.

Anapaka guluu, n'kuphatikiza mbali ziwirizo, n'kuzimanga ndi timphira ndi mapegi khumi ndi awiri oyanikira zovala amene anatenga pachingwe cha akazi awo osapempha. Anzawo anaomba m'manja. A Zino anaimba nthungululu mpaka ogwira ntchito m'shopu anasuzumira. A Matayala anati tsiku limeneli lilembedwe pakalendala iliyonse imene a Tcheya asindikize.

Koma munthu amene sanatsekepo ndege sadziwa zimene zimachitika ndege ikatsekedwa. Zaka zonsezo, anzawo akamachita za kunja kwa ndege, a Mawa maso ankakhala pa timipando tawo. Sankadziwa kuti mawilo saikidwa Loweruka lotsatira. Mawilo amaikidwa kumapeto kwenikweni, zonse zitatha, kuti asathyoke pogwiragwira.

Loweruka lotsatira ndege inali chigonere pa siponji, a Zino akutseka mng'alu wa pamsana mpaka msoko unasowa. "Nanga mawilo?" anafunsa a Mawa. "Mwayamba liti changu inu?" anatero a Matayala. Loweruka linalo inapakidwa penti yoyera katatu, ndi mzere wabuluu umene a Tcheya anauyeza ndi rula kasanu. Kenako zilembo, kenako vanishi. Ndege inkakongolerakongolera, a Mawa n'kumaondera. Mtovu uja ankayenda nawo paliponse chifukwa ankaopa kuusiya poti wina n'kuupeza. Kangapo anatsegula pakamwa kuti aulule, koma akaona a Tcheya akupukuta phiko ndi kansalu mwachikondi, mawu ankabwerera m'mimba. Ankati aulula mawa.

Loweruka lomaliza, chionetsero chili Lolemba, a Matayala anamata mawilo. Atauma, a Tcheya ananyamula ndegeyo ndi manja awiri, n'kuitsitsa patebulo pang'onopang'ono, n'kuchotsa manja. Ndege inaima kamphindi ngati ikuganiza. Kenako mchira unagwa, go! patebulo, mphuno n'kudzuka, wilo lakutsogolo lili lendelende m'malere.

A Tcheya anakankha mphuno ndi chala, n'kusiya. Go! Anayesanso. Go!

"Mtovu umene uja unali wokwana," anatero a Matayala. "Ndinauyeza pasikelo ndi manja angawa."

Maso onse anatembenukira kwa a Mawa. Iwo anagwira m'thumba mwakachetechete, koma m'thumbamo munalibe kanthu. Buluku lake silinali lomwe lija.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, n'kulowa mayi a Nesi, chikwama m'khwapa. Zaka zisanu ndi zinayi anali asanapondepo m'chipindamo.

"Zikomo azibambo, zikomo adokotala. Ine sindikhalitsa. Ndabwera kudzatenga mapegi anga, milungu itatu ndikuyanika zovala pamaluwa." Anapisa dzanja m'chikwama. "Komanso ichi n'cha kuno? Chandipweteka chala pochapa buluku la bambowa."

Anachiika patebulo, pafupi ndi mchira wa ndege.

A Matayala anayesa kudzigwira, koma zinakanika, anathawira panja ndipo kuseka kwawo kunkamveka mpaka kumsewu. A Tcheya sanaseke. Anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"A Mawa, tinakufunsani tonse. Munati walowa. Kuti titsegule ndege iyi tsopano, penti yonse yapita, zilembo zapita, thukuta la anthu asanu ndi awiri lapita. Mwaiwala kapena mwachita dala?"

"Dala," anatero a Mawa. Koma sankayang'ana a Tcheya. Ankayang'ana ndegeyo, mmene inakhalira, mchira pansi, mphuno m'mwamba. Anali asanaganizepo kuti ndege yokhalira mchira imaoneka bwanji. Imaoneka ndendende ngati imene anaiona ataima pampanda wawaya.

"Ikunyamukanso," anatero motsitsa.

Palibe anamva tanthauzo lake kupatula akazi awo. Mayi a Nesi anayang'ana ndege, n'kuyang'ana amuna awo, ndipo ukali wa mapegi unawathera pomwepo. Anaika chikwama pampando.

"Inu anzawo a bambowa, zaka zonsezi simunafunsepo za kamunthu kachikasu? Ameneyo ndi mwana wathu. Ali m'ndege zonse zili pawadiropu panga. Tsiku limene anachoka anavala juzi yoteroyo, ndinaluka ndine. Bambowa sazengereza ayi, ine ndakhala nawo zaka makumi anayi. Amangokanika kumutsekera mumdima."

A Matayala anali atabwerera, ndipo anaima pakhomo chipewa chili m'manja. A Zino anatsegula kachikwama kawo n'kutulutsa katochi kakang'ono kamene amaunikira m'kamwa mwa odwala, n'kukagunditsa pawindo lakumanja la ndege, n'kusuzumira mbali yakumanzere.

"Eee! Tabwerani muone kuno."

Kuwalako kunadzaza m'ndege monse. Timawindo tonse tinayaka, ndipo munthu akaika diso pafupi ankaona mizere ya mipando, makatani, timabulangete, ndi pamzere wa 14 kamunthu kachikasu katatsamira pawindo. Anasuzumira mmodzimmodzi, akuluakulu athunthu atagwada pasimenti. A Matayala anati ngakhale lamba wamanga, mwana womvera. A Tcheya ndiwo anakhalitsa. Atadzuka anatsokomola kawiri, n'kubweza rula m'thumba.

"Chabwino," anatero. "Bweretsani lumo, titsegule. Penti tidzayambiranso, a laibulale ndikawauza kuti chaka chino tilibe kanthu. Muuike mtovu wanu, mumuonenso mwana wanu bwinobwino."

Chimene a Mawa anachifuna milungu itatu chinali chitaperekedwa m'manja mwawo. Anayang'ana lumo, n'kuyang'ana mzere wabuluu umene mnzawo anauyeza kasanu.

"Ayi," anatero. "Musatsegule. Ndege satsegula ili m'mwamba. Ingoitsitsani."

"Tiitsitsa bwanji mtovu uli kunja?"

"Limeneli ndi dzino lobooka basi," anatero a Zino akupinda manja a malaya. Anatenga kachitsulo kawo koboolera, n'kuboola kabowo kamodzi pamwamba pa mphuno, kutsogolo kwa galasi la oyendetsa, mosamala moti penti yozungulira sinakalike. Anati akamaliza adzatseka ndi kupenta, sipadzaoneka chipsera. Koma mtovu sukanalowa pakabowo kotero. Panafunika tinthu ting'onoting'ono tolemera, tambiri.

A Mawa anapisa m'thumba la shati n'kutulutsa kachitini kamene sankasiyana nako, kodzaza ndi timisomali ta mipando. Mwachizolowezi anakhuthulira ena m'kamwa. A Tcheya anakoka mpando uja, umene alamu awo ankaulota, n'kuukankhira kumbuyo kwa mawondo awo.

"Khalani pampando wanu, mungatibaye ndege."

Anakhala. Ankatulutsa kamsomali pamilomo, n'kukaviika m'guluu, n'kukagwetsera pakabowo. Gulu lonse linkawerenga mokweza. Khumi. Makumi awiri. Ndege osasuntha. Pa makumi anayi a Matayala anafunsa ngati angawonjezere dzino lawo lachitsulo, a Zino n'kuwauza kuti abwere Lachiwiri adzalizule. Pa makumi asanu ndi limodzi kuwerenga kunasanduka kunong'ona. Mayi a Nesi anali atagwira katochi kaja pawindo, dzanja lina lili paphewa la amuna awo.

Kamsomali ka 73 katalowa, mchira unasiyana ndi tebulo. Ndege inalendewera pamawilo apakati, osadziwa kopita. A Mawa anatulutsa kamsomali kena, n'kukagwetsamo. Mphuno inatsika pang'onopang'ono, mpaka wilo lakutsogolo linakhudza tebulo popanda phokoso.

Palibe anaomba m'manja. A Mawa analavulira timisomali totsala m'dzanja, n'kuvula chipewa, n'kuwerama mpaka diso linafika pawindo la mzere wa 14. Misozi inkatsikira m'ndevu ndipo sanaipukute.

"Wayenda bwanji, mwana wanga?" anatero.

Mayi a Nesi anawagunda ndi chigongono.

"Inu, zimenezo pambuyo. Tamufunsani kaye ngati wadya."